Mwana Amene Sanalire Pomutemera Mphini

Mwana wanga wachisamba sanalire tsiku limene anamutemera mphini, ndipo onse amene anali pakhonde paja anakondwa kupatula ine.

Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pamkono wake wamanja, chakumtunda pang'ono kwa chigongono, panatuluka banga lotuwa, losayabwa, losatupa, longokhala phee. Ine ndinkati ndi chipere. Ndinapakapo utomoni wa papaya, ndinapakapo phulusa, banga osasuntha, m'malo mwake kumangofutukuka. Apongozi anga, mayi a mwamuna wanga, anati ndikusewera ndi mwana, ndipo anaitana mnzawo wina wodziwa kutema. Mayiyo anabwera ndi lezala ndi kansupa ka mankhwala akuda, nakhazika mwanayo pakati pa miyendo yake.

Mwana ameneyu ukamupesa tsitsi mudzi wonse unkadziwa. Kamunga ka nsomba kakamulasa ankalira mpaka mamina. Ndiye ine ndinali nditagwira kale mapewa ake, ndikudikira phokoso. Lezala linalowa, magazi anatuluka, linalowanso, iye akungoyang'ana nkhuku imene inkatola mpunga pansi pa mtondo. Mayiyo atafika m'mphepete mwa banga, lezala linapsepseza khungu labwino, pang'ono chabe, mwana anadzidzimuka nakoka mkono. Litabwerera pabanga anakhalanso chete. Palibe wina anaona zimenezo.

"Mwaona magazi a kwathu," anatero apongozi. "Akanatengera kwa amake bwenzi tikumugwira anthu anayi."

Anaseka onse. Nanenso ndinaseka, chifukwa mtengwa amaseka apongozi akaseka.

Ine kwathu ndi ku Kanyenda. Ndinakwatiwa chitengwa ku Chia, m'banja la Chisilamu, ndinalowa chipembedzo chawo, ndinaphunzira kuwamba nsomba ndi kupalira mpunga m'madzi ofika m'mawondo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Mwamuna wanga anali msodzi, wosalankhula zambiri, wokonda mayi ake. Pamudzi paja mwana akangosiya bere ankasamukira kunyumba ya agogo, kumagona komweko, mphasa imodzi, bulangete limodzi. Choncho wachisamba ndi mng'ono wake wa zaka zinayi ankagona kwa apongozi, ine ndinkangotsala ndi khanda.

Mphini zinapola, banga linatsala. Kenaka tsiku lina tikuwamba milamba, mwanayo akundithandiza kutembenuza pa waya, ndinamva fungo limene silinali la nsomba. Ndinamukoka dzanja. M'mbali mwa chikhatho, kumunsi kwa kachala kakumapeto, khungu linali litapsa mpaka kuyera.

"Sukumva?"

"Chiyani, amayi?"

Anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Kenaka analira, koma analira chifukwa cha nkhope yanga.

Madzulo ndinawauza bambo ake, akusoka ukonde. Ndinafotokoza za lezala, za waya, zonse, ndikuthamanga ndi mawu monga ndimachitira ndikachita mantha.

"Ndiye iwe vuto lako n'lakuti mwana sakulira?" anatero osadzutsa mutu. "Anzako amadandaula ana olira. Mtsine ngati ukufuna alire."

Dzina la matenda amene ndinkawaganizira sindinalitchule. Kunyanja kuja tonse tinkalidziwa. Tinkawaona anthu ake pamsika, zala zitatha, atakhala patali ndi anzawo. Tinkadziwanso kuti kamodzi pamwezi kunkabwera bambo wina wachipatala panjinga, kumakhala pansi pa mkuyu kuseri kwa sukulu, kumagawa timapiritsi toyera kwa odwala khate. Tsiku limenelo anthu ankalambalala njira ya kumkuyu. Ukangooneka utakhala pamenepo, basi, pofika madzulo nsomba zako palibe wogula, mwana wako palibe wosewera naye, ndipo kuchitsime ndowa yako imasiyidwa payokha.

Ndinkaganiza zopitako, koma ndikachoka pakhomo ndinkayenera kunena kumene ndikupita. Mtengwa sangonyamuka. Chimene chinandithandiza ndi gule wachipani. Masiku amenewo amayi tonse tinkaitanidwa kukaphunzira nyimbo ndi magule pabwalo la sukulu, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndipo ukavala nsalu yachipani panalibe mwamuna kapena mpongozi wofunsa kuti ukupita kuti. Ankaopa kuti mawu awo angakafike kwina. Mwezi umenewo tsiku la gule linagwirizana ndi tsiku la njinga. Ndinavala nsalu ija, ndinabereka khanda, ndinati wachisamba anditsatire kuti akandigwirire mwana ndikamavina. Ndinavina nyimbo ziwiri, miyendo ikuvina yokha, maso ali kumkuyu. Kenaka ndinapita kwa amayi apampando n'kunena kuti khanda latsekula m'mimba.

"Mwezi watha linali ndi chifuwa," anatero. "Khanda lakoli limadziwa masiku a gule."

Koma anandilola. Ndinazungulira kuseri kwa zimbudzi za sukulu, ndinadikira mpaka odwala onse atachoka, ndiye ndinatuluka.

Bambo wanjingayo anali wamkulu ndithu, wa imvi za m'mbali, wolankhula Chichewa chopendekera kumpoto. Anali akumanga kale bokosi lake. Anationa, anayang'ana nsalu yanga, namasulanso chingwe osafunsa kanthu. Anamuuza mwana kuti atsinzine, anatenga kathonje n'kumamukhudza patsaya, pamkono wamanzere, pamsana, mwana kumaloza paliponse. Pabanga sanaloze. Pakachala kakumapeto ndi chinzake sanaloze. Ine ndinkafuna kumukuwira kuti loza, taloza, wakukhudza apo.

"Mphinizi anatema ndani?"

"Anzawo a apongozi."

"Anatema bwino, mizere yowongoka. Koma atema denga pamene chiswe chili m'mitengo. Bweretsani chala chanu, mayi."

Anagwira chala changa n'kuchiika kuseri kwa chigongono cha mwana, pakangalande kaja kamene ukagunda pachitseko dzanja lonse limachita dzanzi. Mkono wamanzere ndinamva kachingwe kowonda, kofewa. Mkono wamanja ndinamva chingwe chonenepa, cholimba ngati cha ukonde. Mwana anati, "Asa, zikuwawa."

Bamboyo anati umenewo ndi mtsempha, osati wa magazi, koma wonyamula kumva. Anathyola kaudzu, anang'amba kansalu ka bandeji n'kukulunga kaudzuko, kuzungulira, kuzungulira. Anati mtsempha uliwonse uli ndi chofunda chake chotere, ndipo pali chinthu changati ulimbo chimene chimamata chofundacho kuti chisavukuke, chimamatanso chofunda ndi mtsempha, ndi mnofu wozungulira. Kachilombo ka khate kamakonda kudzamatirira pa ulimbo umenewo, n'kulowa m'chofunda. Chofunda chikatupa n'kuwonongeka, mawu a moto ochokera kuchala safikanso kumutu.

Ine mtima unakhala ngati watsika pang'ono. Ndinati ngati pali malo ake, ndiye pali chochita.

"Ndiye ulimbowo uli pati, adokotala? Mundionetse, ndizithowapo ndi madzi otentha."

"Uli paliponse pamene mtsempha wadutsa."

"Eya, koma makamaka pati?"

"Mayi, kuyambira mu ubongo, kutsika ndi msana, mpaka kunsonga ya chala chakuphazi. Wam'mutu ndi wamtundu wina, wam'manja ndi wamtundu wina. Kachilomboka kamafuna wa kunja kuno, m'malo ozizira, moyandikana ndi khungu."

"Ndiye ndi apa pachigongono."

"Apa ndi pamene tingathe kukhudza. Si pokhapa."

"Nanga mukaung'amba apa n'kuuchotsa wowolawo?"

Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Ngakhale ine sindinauonepo ndi maso. Ndinangophunzitsidwa. Mukang'amba mupeza kachingwe koyera, basi."

Ndinakwiya. Ndinakwiyira iyeyo, ndinakwiyira kaudzu kake. Ndinali nditanama kwa apampando, ndabisala kuseri kwa zimbudzi ngati wakuba, kuti munthu andiuze kuti chimene chikudya mwana wanga chili paliponse ndipo sichioneka. Munga umauzula, chithupsa umachifinya. Ichi ndiye ndichigwire pati?

Anandionetsa malo ena oti ndizipapasa: pakhosi kumunsi kwa khutu, pamkono pafupi ndi chikhatho, kunja kwa bondo, kuseri kwa kakolo. Anandipatsa timapiritsi, nati amwa zaka, osati miyezi, osadumphitsa. Ndinafunsa ngati zala ziwirizo zidzamvenso. Anati mwina pang'ono, mwina ayi, koma zitatu zotsalazo tikhoza kuzipulumutsa. Anatinso mtundu wa khate la mwana wangayu supatsirana kwenikweni, ndisamusale mbale.

"Koma iyeyu anapatsidwa ndi wina," anatero. "Munthu wamkulu, wokhala naye pafupi nthawi yaitali, wopumira pamodzi. Amagona ndi ndani?"

"Ndi agogo ake. Koma agogo ake ali bwinobwino, zala zonse zilipo."

"Zala zimatha mochedwa. Mukawayang'ane nsidze, makutu, ndi mphuno ngati imakhala yotsekeka."

Ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti nsidze za apongozi ndimazidziwa, zakuda bwino. Ndili m'njira ndi pamene ndinazindikira kuti sindimazidziwa. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzi paja, nkhope ya apongozi ndinali ndisanaiyang'anepo mwachindunji. Ndinkawapatsa madzi nditagwada, maso pansi. Ndinkadziwa mapazi awo, ndinkadziwa mipendero ya nsalu zawo zonse, ndinkadziwa mawu awo a m'mphuno amene tonse tinkati ndi utsi wa nsomba. Nkhope ndinkangoiona chapatali, mpango utatsika mpaka pamphumi. Umo ndi mmene anandilangira kwathu, ndipo pamudzi ankanditama nazo.

Mawa lake masana ndinawatengera madzi oti asambe kumaso asanaswali, ndiko kupemphera kwawo. Masiku onse ndinkasiya ketulo pamwala n'kuchoka. Tsiku limenelo ndinachita ngati ndikutola nkhuni pafupi ndi bafa. Anakankhira mpango kumbuyo, anasamba kumaso katatu, ndipo nsidze zinatsika ndi madzi. Zinali za wanja, utoto wakuda uja amayi achisilamu amapaka m'maso. Pamwamba pa maso panali posalala, ponyezimira, popanda ndi tsitsi limodzi lomwe. Makutu anali onenepa, olendewera, a timabuthu. Anapukuta, anatulutsa kabotolo m'chiuno, najambulanso osayang'ana pagalasi, dzanja lozolowera.

Nkhuni zinandigwa. Anatembenuka, tinayang'anana, ine ndi amene ndinayamba kugwetsa maso.

Bambo a ana ndinawapeza kudoko akumata bwato ndi phula. Ndinayamba bwinobwino monga ndinakonzera, koma mawu anandithawa, ndinangokhuthula zonse: mkuyu, mapiritsi, chigongono, wanja. Dzina lija ndinalitchula.

Anasiya phula. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali wamva.

"Wapita ndi mwana wanga kumkuyu."

"Palibe anationa."

"Kuno kulibe chosaoneka. Ukufuna nsomba zathu tizidya tokha?"

"Amayi akudwala, bambo. Mankhwala alipo, aulere."

"Amayi ali ndi chimfine cha utsi. Nsidze zinathothoka ndi ukalamba."

"Ndiye mumadziwa kuti zinathothoka."

Anatenganso phula n'kumamata pamalo pamene anali atamata kale.

Ndinayesa njira zonse zimene mtengwa angayese. Ndinakatenga mphasa ya ana n'kuiyala kwathu, ndinati wamng'onoyo akukodza pogona, asavutitse agogo. Dzuwa lisanalowe apongozi anabwera okha, anaipinda, naibweza. "Mikodzo ya mdzukulu ndi mafuta," anatero. "Bambo akewa anandikodzera mpaka atayamba kupalasa bwato." Ana anawatsatira akudumphadumpha, chifukwa kwa agogo kunali chinangwa chootcha ndi tiyi wa shuga wambiri. Ndisaname, ankawakonda anawo. Mwezi wa Juni ankawafunditsa bulangete lonse iwo n'kutsala ndi nsalu.

Ndinadikira tsiku limene tinali awiri, ine ndi apongozi, kumunda wa mpunga. Ndinagwada m'matope momwemo.

"Amayi, mwana uja ndinapita naye kwa adokotala a njinga. Akumwa mankhwala. Akuti akuluakulunso amachira, ngakhale atakhala nawo nthawi yaitali."

"Akuluakulu ake ati?"

"Aliyense, amayi."

"Unandiyang'ana kumaso tsiku lija. Kwanu ku Kanyenda amatero? Kapena ndi Sitandade 5 imeneyo?"

"Pepani, amayi. Ndikuopera ana."

"Ine ndabereka asanu ndi awiri, onse ali ndi zala zawo. Banga limenelo lifufuze kumtundu kwanu." Anawerama n'kupitiriza kuzula udzu. Patapita kanthawi analankhulanso, osatembenuka, mawu atatsika. "Mayi anga aang'ono anawamangira kanyumba kutchire. Chakudya tinkawasiyira pachitsa. Ine ndinkanyamula mbaleyo. Dzuka, ukunyowetsa nsalu."

Mwezi wotsatira ndinamupempha bambo wanjinga uja kuti adutse kwathu ngati wongopempha madzi akumwa. Anabweradi, njinga anaisiya kusukulu kuti anthu asaizindikire. Apongozi anamuonera patali, analowa m'nyumba n'kukhoma. Bamboyo anakhala pakhonde nthawi ndithu akulankhula ndi chitseko, mwaulemu, kuti masiku ano palibe wotengedwa kupita kutchire, munthu amamwa mankhwala ali pakhomo pake. Chitseko sichinatsegulidwe. Pochoka anandiuza kuti sangakakamize munthu. Tsiku limenelo bambo a ana sanadye chakudya changa, ndipo alamu anga aakazi anayamba kunditchula kuti adokotala. "Adokotala, tabwerekeniko sefa." "Adokotala, tapimeni nsombayi ngati ili ndi nsidze."

Mapiritsi ndinkawabisa m'chitini cha mchere. M'mawa uliwonse wachisamba akabwera kudzatsuka mbale ndinkamumwetsa kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuphunzitsa kuti dzanja lamanja aziliyang'anira ndi maso popeza lokha silinena, asagwire mphika popanda kansanza, madzi aziyesa ndi lamanzere. Pa waya wa nsomba ndinamuletseratu, apongozi n'kumati ndikulera mwana waulesi. Ana onse atatu ndinkawasambitsa ndekha, poyera, dzuwa lili pamutu, kuti ndione khungu lonse. Ndinkatenga nthenga ya nkhuku, wa zaka zinayi uja atsinzine, aloze. Iye ankayesa masewera, nthawi zina ankanamizira kusamva kuti aone mmene ndichitire, ndipo tsiku lina ndinamumenya mbama chifukwa cha zimenezo, kenaka tinalira tonse. Ndinkapapasa zigongono, m'khosi, m'mawondo, mu akakolo. Koma ndinkadziwa kuti ndikupapasa malo asanu pa chinthu chimene chayala thupi lonse. Chilichonse chotuwa, kaya ndi fumbi, kaya ndi pamene panaluma udzudzu, ndinkachipukuta ndi malovu kuti ndione ngati chichoka. Ndipo dzuwa likalowa ana ankapitabe kukagona mphuno ndi mphuno ndi agogo awo.

Chimene chinandithetsa kupirira chinali khanda. Linali litayamba kuyenda, kumadya phala bwinobwino. Tsiku la Ijumaa, Lachisanu, amuna atabwera ku mzikiti, tonse tili pabwalo, apongozi analinyamula n'kuliika pamiyendo, kumalipsompsona pakamwa, kumalipukuta mamina ndi nsonga ya mpango wawo.

"Uyu wakula," anatero. "Mwezi ukaoneka achoke kubere, abwere kwa ine. Amake apume, mwina nzeru zingabwerere."

Bambo a ana anati, "Insha Allah."

M'mawa mwake ndinachapa zovala za ana zonse, ndinaziyanika, zitauma ndinazimanga mu nsalu imodzi. Ndinasiya mbale, ndinasiya mphika umene ndinabwera nawo, kuti asanene kuti ndathetsa banja. Ndinatenga chitini cha mchere ndi khadi lachipani, poti popanda ilo basi sukwera. Sindinathawe mobisa. Ndinapita kudoko ndi ana onse atatu, katundu ali pamutu.

"Ndikupita nawo kwa achimwene ku Kanyenda," ndinatero. "Ana ndi a kwa amalume awo, inunso mukudziwa."

Asodzi anzawo anasiya zimene ankachita. Bambo a ana anaimirira, ndinaganiza kuti andilanda khanda, ndinalimbitsa mfundo ya mbereko. Anangomuyang'ana wachisamba, anamugwira dzanja lamanja lija, nalitembenuza, nayang'ana chipsera. Anakanikiza kachala kakumapeto ndi chikhadabo chawo, mwamphamvu, mwana akuyang'ana mabwato. Analisiya.

"Mpunga ukacha akolola ndani?"

"Amayi akayamba kumwa mankhwala mutumize mawu. Ndibwera tsiku lomwelo."

"Ukudziwa kuti sangapite kumkuyu."

"Ndiye mukawatengere inuyo."

Wina mwa asodziwo anatsokomola. Bambo a ana anakhalanso pansi n'kutola ukonde.

Kwa apongozi ndinapita kukatsazika, ndinagwada pakhomo, sanatuluke. Wamng'ono uja analira njira yonse mpaka kumsewu, akufuna agogo, akundimenya ntchafu ndi tizibakera. Basi inachedwa, inali yodzaza, tinaima mpaka ku boma, fumbi lili m'kamwa. Ku Kanyenda tinafika dzuwa litapendeka. Achimwene anali kodula nzimbe ku Dwangwa, tinalandiridwa ndi alamu, amene nditangowafotokozera anatulutsa mbale yakale yong'aluka n'kuiika payokha kuti ikhale ya wachisamba. Ndinalibe mphamvu zokangana tsiku limenelo. Ndinadya naye m'mbale yomweyo.

Kutacha ndinasesa kakhitchini kakale ka malemu amayi, ndinatseka ming'alu ndi dothi, ndinayala mphasa ya ife anayi. Kenaka ndinabereka khanda n'kupita kumsika kukafunsa, mokweza, poti kunalibenso wondiletsa, kuti kuno wanjinga wa mapiritsi a khate amakhala pansi pa mtengo uti, ndipo amabwera liti.